Lilime lofiila pa basi ya mu October

Pa Citatu capita, ca m'ma 13 hours, ndinali m'basi yocokela ku Chelstone kubwela mu town. Inu amene mumakwela Great East Road mudziwa mmene zimakhalila nthawi imeneyo: dzuwa lili pa liwombo, motoka zangoima mzele, anthu anai-anai pa mpando, windo ya kumbuyo inakana kale kutseguka. Ba kondakitala akali kukuwa kuti malo alipo, pamene ife mkati tikupumilana m'makosi. Mwana wa sukulu amene anali pa miyendo ya amai ake anayamba kulila ludzu. Mwamwai kamnyamata kanafika pa windo ndi kabokosi ka ma ice block.

"Iyi yofiila ni ya cani?" amai aja anafunsa.

"Ni cherry, mami. Yozizila maningi."

Anagula. Mwana anaboola pakona ndi mano, kulila kunathela pomwepo. Pofika mu town lilime, milomo ndi kolala ya yunifomu zonse zinali psuu, kapulasitiki kanatulukila pa windo. Ndisaname, abale anga, inenso ndinagula kanga. Kutentha kwa October kulibe ulemu, kumapitilila madigili 30, ndipo munthu ukapsa pakhosi sufunsa mafunso ambili.

Koma nditatsika, lilime langa lili ngati la mwana uja, mafunso anabwela okha. Kodi cherry imene tamwa ili kuti? Nanga madzi amene anaumitsa aja anatungidwa kuti? Maganizo anga lelo ndi awa: cakumwa cozizila cofiila cimene timacikonda m'nyengo yotentha tiyenela kuphunzila kucipanga tekha pa nyumba. Si nkhani ya kudzimva kapena kutengela za ku mayadi iyai. Ndi nkhani ya madzi amene alowa m'mimba mwa ana athu.

Tiyambe ndi cherry yeniyeni, cifukwa ambili a ife timaichula dzina koma sitinailumepo. Ndi kacipatso kozungulila, kofiila mwakuda, kukula kwake ngati sau lalikulu, kali ndi nthanga imodzi yolimba pakati. Mtengo wake umafuna cisanu ceniceni ca miyezi ingapo kuti ubeleke, cisanu coposa ca June wathu. Ndiye cifukwa cake simuuona pa Kalingalinga kapena pa Matero. Dziko limene limakolola ma cherry ambili pa dziko lonse ndi Turkey. Kuno kum'mwela kwa Africa amalimidwa ku South Africa, maka-maka ku Ficksburg m'cigawo ca Free State, kumene kumazizila kwambili, ndipo amapsa kumapeto kwa caka. Akafika m'mashopu akulu-akulu a mu Lusaka amakhala atayenda ulendo wautali m'mathilaki a filiji, ndipo mtengo wa kabokosi kamodzi ungagule ndiwo za masiku angapo. Manje inu ganizani: cipatso cotelo cingalowe bwanji mu ice block ya K1 kapena K2?

Cimene timamva pa lilime ndi zinthu zitatu cabe: shuga, utoto wofiila, ndi kafungo kopanga ku fakitale. Kafungo kameneka nthawi zambili kamacokela ku mankhwala ochedwa benzaldehyde, ndiye cifukwa cake "cherry" ya mu switi, ya mu ice block ndi ya mu mankhwala a cifuwa a ana zimamveka zofanana. Utoto nawo si wonse umene maiko ena amaulola mwacisawawa. Mu January 2025 boma la America linalamula kuti utoto wochedwa Red No. 3 ucotsedwe m'zakudya, ndipo ku Europe zakumwa zokhala ndi mitundu ina ya utoto zimalembedwa cenjezo lonena za ana. Pa botolo ya m'shopu mungatembenuze n'kuwelenga zimene anaikamo. Pa kapulasitiki komanga mfundo palibe colembedwa ciliconse. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu, mkati muli nyelele.

Ngakhale n'telo, utoto sundiopsa kwambili ngati madzi. Pali bodza limene ambili timalikhulupilila, lakuti cinthu cikauma gwa mu filiji ndiye kuti tuzilombo twafa. Kuzizila sikupha tuzilombo monga mmene moto umaphela. Tumangogona, ndipo aisi ikasungunuka m'kamwa tumauka. Madzi oipa akaumitsidwa amakhala aisi yoipa, basi.

Ife a mu Lusaka sitifunika kuuzidwa ndi munthu wakunja tanthauzo la madzi oipa. Kolela imene inavuta kwambili mu January 2024 inayamba mu October 2023, m'nyengo yotentha ngati ino, mvula ikalibe kugwa. Anthu opitilila 20,000 anadwala m'dziko muno, opitilila 700 anamwalila. National Heroes Stadium, kumene timapita kukaonelela bola, inasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Kumbuyoku, mu 2017 ndi 2018, zinali cimodzimodzi: kolela inayamba mu October, pofika January asilikali anali m'miseu kucotsa ogulitsa malonda. Mzinda wathu unakhala pa miyala yokhala ndi ming'alu, conco m'makomboni monga Kanyama zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimayenda pansi mosavuta n'kukalowa m'zitsime zosazama. Pa mpopi madzi akasowa masiku awili, munthu amatunga kulikonse kumene wawapeza. Madzi amenewo ndi amene ena amasungunulila utoto wofiila.

Pano ndidziwa kuti wina wakwiya kale. "Iwe wolemba, ufuna kutipaisa na njala? Ma ice block ndiye yalipilila bana sukulu." Amai, ndakumvani, ndipo muli ndi mfundo. M'komboni iliyonse muli nyumba imene filiza ndiye bambo wa pa nyumba. Ndalama ya sopo, ya malasha, ya basi ya mwana wopita ku sukulu imacokela m'tumapulasitiki tumeneto. Sindili kumbali ya amene amaganiza kuti mankhwala a kolela ndi kuthamangitsa amai ndi mabeseni ao. Tinaona kale: amawathamangitsa mu January, pofika April abwelela, cifukwa njala siimvela lamulo. Ndipo ambili mwa amai amenewa ndi aukhondo kuposa makhichini ena a m'malesitilanti.

Vuto ndi lakuti wogula pa windo ya basi alibe njila yosiyanitsila ice block ya mai waukhondo ndi ya uja amene anatunga pa citsime. Zonse ndi zofiila, zonse ndi zozizila. Ndiye cifukwa cake zimene ndilemba pansipa ndi za anthu awili: kholo lofuna kupangila ana ake, ndi mai wogulitsa amene afuna kuti makasitomala azimufuna-funa ndi dzina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Madzi amene simungapatse mwana wanu musaumitsile mwana wa wina.

Tsopano ku khichini. Coyamba ndi madzi. Agaduke pa moto kwa mphindi imodzi yathunthu akubwata, kenako azizile ali ovinikila. Ngati malasha avuta, thilani klolini monga mmene alembela pa botolo, mudikile mphindi 30. Manja asambidwe ndi sopo, zipatso zitsukidwe ndi madzi omwewo abwino, osati a mu dilamu ya panja. Mukalumpha apa, zonse zotsatila ndi kutaya nthawi.

Ngati mwezi wakuyendelani bwino ndipo mwagula ma cherry enieni, atsopano kapena oumitsa a m'paketi, tengani makapu awili. Cotsani nthanga zonse, imodzi-imodzi. Izi musazitenge mopepuka: mkati mwa nthanga ya cherry muli mankhwala amene amasanduka poizoni nthanga ikaphwanyidwa, conco isalowe mu blender kapena mu mtondo. Ikani zipatsozo pamodzi ndi kapu imodzi ya madzi, madzi a ndimu imodzi, ndi masupuni akulu awili kapena atatu a shuga. Amene ali ndi blender aonjezele makapu awili a aisi yopangidwa ndi madzi ogadutsa, agaye mpaka zikhale ngati phala la aisi, amwe pomwepo.

Amene alibe blender asadandaule, ndipo ine ndimaona kuti njila yao ndiye yokoma kuposa. Phwanyani zipatso ndi foloko kapena kamtondo koyela, sefani pa sefa ya tiyi, sakanizani ndi madzi, ndimu ndi shuga. Thilani m'kambale kosazama kapena mu lunch box, muike mu filiza. Pakapita mphindi 40 mudzaona m'mbali mwayamba kuuma. Palani ndi foloko, kubweletsa zouma pakati, mubwezele. Citani conco katatu kapena kanai. Pakatha maola atatu kapena anai mudzakhala ndi aisi yofewa ngati mcenga, yosungunuka yokha pa lilime. Anthu a ku Sicily, ku Italy, amaicha granita ndipo amaigulitsa m'makapu a galasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma funso langa lalikulu ndi ili: n'cifukwa ciani tithamangila cipatso cocokela kutali pamene cofiila cathu cikugwa cokha pansi? Mwezi wa September ndi October ndi nyengo ya malubeni. Yendani m'njila za mu Chilenje, Kabwata kapena Libala, mudzaona pansi pa mipanda pali madontho akuda, mbalame ndi ana a sukulu akulimbilana. Malubeni akupsa ali ndi mtundu woposa wa cherry, ali ndi kukoma kosakaniza ndi kowawasa pang'ono, ndipo nthanga zake sizivuta. Tsatilani muyeso womwe uja: makapu awili a malubeni otsuka bwino, kapu ya madzi, ndimu, shuga. Mukapatsa mwana osamuuza, adzakuuzani yekha kuti cherry ya lelo yaposa ya pa sukulu.

Cina ndi lumanda. Ambili timaidziwa ngati ndiwo yowawasa yotendela, koma tumakoko twake tofiila tumene tumakuta mbeu ndi tumene anthu a ku Senegal amapangila bissap ndipo a ku Nigeria amapangila zobo. Tengani dzanja limodzi lodzala la tumakoko touma, wilitsani mu lita imodzi ya madzi kwa mphindi 10, sefani, thilani shuga akali otentha. Apa mwapha mbalame ziwili: madzi agaduka, ndipo mtundu wofiila wabwela popanda utoto wa m'paketi. Kuwawasa kwake kumafanana kwambili ndi kwa cherry. Mabuyu ocokela ku cigwa nawo timawadziwa kale mu ice block, ndipo mango akayamba kuculuka pa Soweto Market njila ndi yomweyi.

Pa shuga pafunika nzelu, cifukwa shuga sagwila nchito ya kukometsa cabe. Ndiye amene amaletsa madzi kuuma ngati mwala. Mukacepetsa kwambili mudzapeza cimwala cothyola foloko, mukaculutsa cakumwa cimakana kuuma, cimangokhala manyuci. Pa lita imodzi ya madzi a lumanda, masupuni akulu 6 amakwana. Mukagawa m'makapu 5, aliyense amwa tumasupuni twa tiyi tosakwana 4. Yelekezelani ndi kacitini ka 330 ml ka zakumwa zambili za m'shopu, mmene mumakhala tumasupuni 8 kapena 9. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitilile tumasupuni 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Pa nyumba supuni ili m'manja mwanu. Pa windo ya basi ili m'manja mwa munthu amene afuna kuti mwana wanu abwelenso mawa.

Ndamva kale wina kumbuyo kwa basi akuseka: "Ba wolemba, filiza yamene mukamba iyenda na cani? Malaiti yalipo kwanu?" Funso labwino. Tonse tikumbuka 2024, pamene cilala cinacepetsa kwambili madzi mu Kariba, President Hakainde Hichilema n'kulengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko, ndipo m'miyezi yotentha malaiti anali kupita maola opitilila 17 pa tsiku. Magetsi athu ambili amacokela ku madzi, conco mvula ikavuta filiji ndiye imayamba kulila. Amai ambili ogulitsa ma ice block anataya mpamba caka cimeneco.

Koma mudziwe kuti cakumwa ca aisi cimene ca m'mashopu cinabadwa cifukwa ca makina owonongeka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ku Kansas m'dziko la America, bambo wina dzina lake Omar Knedlik anali ndi shopu imene makina ake a zakumwa anali kuvuta. Anayamba kuika mabotolo mu filiza, ndipo makasitomala anakonda aja ouma mwatheka. Pamenepo ndi pamene panacokela makina a ICEE, ndipo pambuyo pake mashopu a 7-Eleven anacicha Slurpee. Ngati iye anapeza nzelu pa vuto, ife a load shedding tingalephele bwanji?

Nzelu yoyamba: filiza yodzala imasunga kuzizila nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu. Yodzala bwino, yosatsegula-tsegula, ingasunge zinthu zouma pafupi-fupi masiku awili, yodzala theka tsiku limodzi. Conco malo otsala dzazani ndi mabotolo a madzi, ndipo ana auzidwe kuti citseko ca filiza si windo yoonela kunja. Malaiti akabwela usiku, ndiyo nthawi yoika kambale kanu.

Nzelu yaciwili ndi ya mcele, ndipo iyi sifuna malaiti olo pang'ono. Mcele ukasakanizidwa ndi aisi, kuzizila kumatsika kupitilila pa zilo, mpaka kufika pafupi ndi madigili 20 pansi pake. Thilani kapu imodzi ya cakumwa canu m'kapulasitiki kolimba, mumange ndithu, mukaikenso m'kena kuti mcele usalowe. Mu pulasitiki yaikulu kapena m'kabaketi ka civinikilo ikani aisi yophwanya makapu atatu ndi mcele wa miyala kapu imodzi. Ikani kapulasitiki kaja pakati, kulungani ndi citenge kuti manja asapweteke, ndipo gwedezani kwa mphindi 10 mpaka 15. Nchito imeneyi apatseni ana, adzailimbilana. Ubwino wake ndi wakuti aisi yogula pa msika, imene simudziwa madzi ake, ingagwile nchito apa cifukwa sikhudza cakumwa. Mungotsuka kunja kwa kapulasitiki ndi madzi abwino musanatsegule.

Cenjezo limodzi kwa ogulitsa ndi makolo omwe: cakumwa ca zipatso cikasungunuka n'kukhala cofunda tsiku lonse, musacibwezele mu filiza kuti mawa cioneke catsopano. Madzi a shuga ofunda ndi munda wa tuzilombo, ndipo tanena kale kuti kuumitsa sikutupha. Kutaya kumawawa, koma bedi ya ku cipatala imawawa kuposa.

Kwa ife a pa basi, nayi njila imene yandithandiza. Madzulo thilani cakumwa canu mu botolo yoyela ya pulasitiki, koma musadzaze, siyani malo pamwamba cifukwa madzi akauma amafufuma. Igone mu filiza. M'mawa ikulungeni ndi kathaulo n'kuika m'cola. Pofika nthawi yoweluka, muli pa mzele pa Kulima Tower kapena pa City Market, idzakhala yasungunuka mwatheka. Igwedezeni, mumwe. Ya mwana wa sukulu cimodzimodzi. Ndalama imene mumataya pa windo tsiku lililonse muiwelenge pa mwezi, mudzaona kuti shuga ndi ndimu zabweza zokha.

Ndipo pali phindu lina limene sitiliganizila. Kapulasitiki kaja kanatulukila pa windo pa Great East Road sikanasowe. Kali mu ngalande, pamodzi ndi tunzake masauzande. Mvula yoyamba ya November ikagwa, ngalande zotsekeka zimabweza madzi m'miseu ndi m'makomboni, madziwo amasefukila m'zimbudzi, ndipo nkhani ya kolela imayambilanso pamene tinaisiyila. Timatukwana a khonsolo tili m'madzi ofika m'maondo pa Kulima Tower, ndipo nthawi zina amayeneladi kutukwanidwa, koma dzanja limene linaponya pulasitiki linali lathu. Botolo imodzi yobwelela nayo ku nyumba ndi tumapulasitiki 30 tocepa pa mwezi.

Sindikuuzani kuti musagulenso kanthu pa mseu. Tsiku lina mudzaiwala botolo, dzuwa lidzakuphani, mudzagula. Koma gulani kwa munthu amene mumamudziwa, ndipo musacite manyazi kufunsa kuti, "Amai, manzi munagadutsa?" Mai amene amagadutsa sadzakwiya, adzakondwa kuti wina waona khama lake. Ndipo akakuuzani kuti yake ndi yokwelako ndi K1 cifukwa ca malasha, lipilani osadandaula. Tikamafuna zochipa zokha-zokha, ndife tomwe timaphunzitsa ogulitsa kulumpha moto.

Pa Ciwelu ndinachola malubeni pa mpanda wa aneba, nditapempha, n'kupangila ana a mlongo wanga. Tinagwedeza kabaketi ka mcele pa khonde cifukwa malaiti anali atapita. Wamng'ono atamaliza ananditulutsila lilime, lili bii ngati la mwana wa m'basi uja, n'kufunsa kuti, "Ba uncle, iyi cherry mwaigula kuti?" Ndinamulozela mtengo. Malubeni atsala ndi milungu yocepa cabe, abale anga. Mukatsika basi lelo, yang'anani pa mipanda.